Kadiso m'Chipinda cha Kambalame

6 Meyi

Mwana wanga wachisamba,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi mdzukulu wanga Kambalame. Ife kuno tilipo. Bondo la amayi ako ndilo likuvuta m'mawa, koma iwo akuti vuto ndi nsapato, osati zaka.

Nkhani ndi yakuti nyumba yako yafoleredwa. Lata lomaliza analikhoma Lachinayi pa 2 Meyi, dzuwa litapendeka. Ndinaima pabwalo n'kuvula chipewa, sindikudziwa chifukwa chake. Zitseko zonse zalowa, mazenera nawonso, kupatula galasi limodzi la kubafa lomwe linasweka m'galimoto. Wogulitsa wavomera kusintha. Ndalama unatumiza pa 11 Epulo zakwana ndipo zatsalako pang'ono. Malisiti ali m'chitini cha mabatani, udzawaona ukabwera.

Chatsala ndi siling'i, penti ndi magetsi. Akalipentala akufunsa ngati ayambe kukhoma siling'i mwezi uno. Ndawauza kuti mwini wake ayankhe kaye.

Ine mbali yanga ndayamba kale. Mazenera ndayeza onse ndi tepi yanga yosokera, makatani ndizisoka ndekha ndikatseka shopu. Telala wokalambira pa makina sangalole mwana wake kugula makatani a m'sitolo. Undiuze mtundu umene Kambalame amakonda. Anachoka kuno ali ndi zaka ziwiri, nthawi imeneyo ankakonda chilichonse chokwana mkamwa. Pano ali ndi zisanu ndi ziwiri, ayenera kuti ali ndi maganizo akeake. Kodi chifuwa chija chimamugwirabe?

Amayi ako akuti tisamukiremo ife, nyumba isamangokhala. Ndakana. Nyumba yatsopano ayambe kugonamo ndi amene anaikhetsera thukuta. Paja unati mubwera Disembala, kubweriratu. Disembala si kutali, tidikira.

Ndikudziwa kuti umandiseka ndi makalata angawa. Koma pa foni nthawi zathu sizikumana. Ukamaweruka ife tagona, tikamadzuka iwe uli m'tulo, masana athu uli kale ku ntchito yosamalira okalambayo. Komanso papepala munthu ukalakwitsa umafufuta. Mayi wa pasitolo aijambula n'kukutumizira monga mwa nthawi zonse, yankho lako adzandisindikizira.

Ndine bambo ako.


19 Meyi

Bambo anga,

Kalata ndaiwerenga m'basi, kubwereza mpaka ndinapitirira siteji yanga. Chipewacho munachita bwino kuvula, mwandivulira ine. Tili bwino, ntchito yokha ndiyo yathina. Kuli agogo ena kuno akukana kudya pokhapokha supuni ndigwire ine, anzanga akunditcha mwana wawo. Amayi muwauze kuti nsapato situpitsa bondo, apite kuchipatala asiye makani.

Akalipentala asayambe siling'i. Nyumba za kuno zili ndi chinthu chimene ndikufuna kwathunso chikhalepo. Ndi chonga thonje lachikasu, chimabwera chokulungakulunga ngati matiresi. Amachiyala pakati pa malata ndi siling'i. Masana chimatchinga kutentha, kukazizira chimasunga kufunda. Chithunzi ndatumiza kwa mayi wa pasitolo, mukawaonetse a m'masitolo akuluakulu a zomangira. Ndalama yake nditumiza Lachisanu.

Musaone ngati kunyada. Adokotala akuti mphumu ya Kambalame imadzuka ndi kusinthasintha kwa nyengo, kutentha kenako kuzizira, ndipo pansi pa malata mukudziwa nokha mmene zimakhalira. Sindikufuna kuti mwana afike kwawo n'kuyamba ndi chipatala.

Za makatani ndamufunsa. Akuti obiriwira, "ngati chule". Wafunsanso ngati agogo ali ndi nkhuku, ndipo ngati angaloledwe kugona nayo imodzi. Yankho lake mupereke nokha, ine ndatopa naye.

Zosamukazo amayi akunena zoona, koma ndimakudziwani, mukakana mwakana. Matikiti ndigula malipiro a Ogasiti akangolowa. Masiku ena ndikatseka maso m'basimo ndimaona khonde lija, ine nditakhala pansi, nsapato nditavula, popanda belu loitana.

Mwana wanu.


24 Juni

Mwana wanga,

Moni kwa iwe ndi mwini chule. Umuuze kuti nkhuku zilipo zisanu ndi imodzi, koma zogona nazo akakambirane ndi agogo ake aakazi, ine nkhondo imeneyo sindilowa.

Thonje lija ndinalipeza Loweruka pa 8 Juni, sitolo yachitatu. Ndinagula mipukutu khumi ndi inayi monga anawerengera wogulitsa. Titatsitsa, amayi ako anazungulira mpukutu umodzi, kuugwiragwira, n'kunena kuti, "Ine zaka zonsezi ndikufunda bulangete lobooka pakati, lero denga ndilo lifunde?" Akalipentala nawo anakana magolovesi, akuti manja awo ndi chikopa. Anakanda tsiku lonse ngati agwa m'chitedze, mpaka kukanda ndi sowo.

Denga lako ndi lotsika, pakati pa malata ndi siling'i munthu sangakwawemo. Choncho thonjelo amayala uku akukhoma mabolodi, akatseka atseka. Akalipentala anali ndi masiku anayi okha asanapite ku ntchito ina, ndiye anandifunsa kuti ayambe chipinda chiti. Sindinachedwe kuyankha. Tayamba ndi cha kum'mawa chija, cha Kambalame.

Pamenepa ndachita chinthu osakufunsa. M'chipinda chimenecho ndayalitsa kawiri, thonje pamwamba pa linzake. Mipukutu iwiri yowonjezera ndagula ndi ndalama ya mayunifolomu a sukulu amene ndinasoka mwezi watha. Usandibwezere, ukatumiza ndibweza. Siling'i tatseka, tamata mizere yonse, tapaka penti yoyera kawiri. Palibe pooneka msomali.

Lachiwiri masana dzuwa lili paliwombo ndinawatenga amayi ako kukayesa. Tinaima pabalaza pomwe malata ali poyera, thukuta kuchita kutsika m'khosi. Kenako tinalowa mwa Kambalame. Amayi ako anakhala pansi pasimenti, miyendo tambasu. Ndinati tiyeni tizipita. Anati, "Pitani nokha, ine ndanyoza msanga."

Makatani a chule ndapachika kale. Akatsekedwa, chipinda chonse chimaoneka ngati uli pansi pa mtengo. Mwanayo adzagona bwino.

Akalipentala abweranso Ogasiti kudzamaliza zipinda zotsala. Undiuze tsiku lenileni la ndege ukagula matikiti, ndilembe pakalendala.

Bambo ako.


11 Ogasiti

Bambo,

Pepani kuchedwa kuyankha, zinthu zandichulukira. Tili bwino. Zikomo chifukwa cha chipinda, zithunzi ndaziona, n'chokongola kwambiri. Simukanadzivutitsa choncho.

Akalipentala akabwera asatseke siling'i ina iliyonse. Ndikufuna tiike alamu ya akuba, ndipo mawaya ake amadutsa m'denga, ayenera kulowa thonje ndi mabolodi zisanakwere. Ndalankhula ndi bambo wina amene amagwira ntchito imeneyi, ndamulembera zonse zimene ndikufuna. Akuimbirani, mudzangomutsegulira ndi kumuonetsa zipinda. Zolipira ndithana naye ndekha.

Amayi apita kuchipatala? Muwapatse moni.

Ndilembanso ndikapeza mpata.

Mwana wanu.


26 Ogasiti

Mwana wanga wachisamba,

Kalata yako yafupika, ndaona kuti watopa. Uzipuma. Amayi ako anapita kuchipatala pa 14 Ogasiti, anawapatsa mankhwala opaka, akuti akununkha ngati galaja koma akupaka.

Za alamu waganiza bwino. Mayi ndi mwana okha m'nyumba yaikulu chotere, pafunikadi chowadzutsa. Bambo uja anabwera Lachisanu pa 23. Ndi munthu waulemu, pensulo kukhutu, amayi ako amutcha kale a Mawaya. Koma pali pena pomwe sanakumvetse, ndiye ndikufotokozere mwadongosolo kuti umukonze.

Atalowa sanatulutse chida chilichonse. Anati, "Achikulire, ine sindiyamba ndi mawaya, ndimayamba ndi anthu. Ndani adzagona kuti? Ndani amadzuka kukamwa madzi? Muli mphaka?"

Ndinakondwa nalo funsolo. Ndinamuyendetsa nyumba yonse. Ndinati umu ndi mwa mwini nyumba, bedi lidzayang'ana uku. Umu ndi mwa mdzukulu wanga, ameneyu ndiye wodzukadzuka chifukwa cha chifuwa, ndipo mphaka palibe koma mwina mudzakhala nkhuku. Ichi ndi cha alendo, ndiye kuti ife nkhalamba tikabwera kudzacheza. Iye ankangogwedeza mutu, kulemba pakhoma ndi pensulo.

Kenako anandionetsa katundu wake. Pali timaginito toika pa zitseko ndi mazenera, wina akatsegula timaliza alamu. Pali kabokosi ka manambala kotchera ndi kumasula. Ndiye pali tina toyera tokhala pakona m'mwamba, iye amati timaso. Anati, "Kadiso aka kamaona chilichonse choyenda. Sikadziwa wakuba, sikadziwa mwini nyumba. Nyumba yogona anthu timaso ndimaika pabalaza ndi kukhitchini basi. Kuchipinda ayi. Mwana kungotembenuka pabedi, dera lonse ladzuka."

Amayi ako anati, "Ndiye bambo awa ndi mkonono wawo, apolisi azigona pakhomo." Tinaseka tonse.

Atatero anatulutsa foni kuti aone zimene unamulembera. Anawerenga, n'kuwerenganso, kuseka kuja kunatha. Anati, "Koma apa pali kusiyana. Achemwali alemba kuti kadiso chipinda chilichonse, zogona zomwe. Kabokosi kamodzi kokha, pakhomo lotulukira. Imeneyi ndi ya nyumba yotseka, achikulire. Yoti munthu amatchera, n'kukhoma chitseko, n'kumapita."

Ndinamuuza kuti mwina ukunena za masiku amene muzipita kokayenda, kapena masana iwe uli ku ntchito mwana ali kusukulu. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana amayi ako, n'kuti, "Zimatheka." Kenako analowanso mwa Kambalame, anayang'ana siling'i ija nthawi yaitali, anaigogoda ndi chala. Anati, "Ntchito yabwino iyi. Koma kuti waya afike pakona apo, tiboola. Bolodi imodzi itsike, thonje tikankhire pambali."

Ndinakana. Ndinati chipinda chimenechi chatha, ndipo mwa mawu ake omwe, mogona mwana simulowa kadiso. Sanatsutse. Anati adikira mawu ako, anatenga chikwama chake n'kupita.

Ndiye umulembere, umuuze kuti kuzipinda zogona asaikeko. Ndikuganiza kuti unalemba uli ndi tulo. Akalipentala ndawaimitsa, mipukutu khumi ndi iwiri yotsala ili pabalaza, ndaifunditsa pepala la pulasitiki.

Pobwerera amayi ako ankangotsalira m'mbuyo njira yonse, nthabwala zitawathera. Ukuwadziwa amayi ako. Ndinaganiza kuti ndi bondo.

Za matikiti sunanene. Ogasiti akutha Loweruka.

Bambo ako.


22 Sepitembala

Iwe mwana,

Ndine mayi ako. Ndalemba ndekha, zilembo zikakhota uwongole m'mutu mwakomo. Bambo ako sakudziwa, ndipo mayi wa pasitolo ndamulumbiritsa.

Moni ndikupatsa koma ndi wamkwiyo. Mwezi wathunthu zii. Bambo ako m'mawa uliwonse asanatsegule shopu amadutsira pasitolo kufunsa ngati kwabwera pepala. Mayi uja wafika pomabisala kuseri kwa matumba a shuga akawaona akubwera, manyazi akumugwira iye m'malo mwa iwe. Sabata yatha bambo ako asokera munthu jekete manja onse awiri akumanzere. Bambo ako amenewa! Mwini jekete anaseka, ine sindinaseke.

Kunyumba kwakoko makoswe apeza thonje lija, ayamba kuberekeramo. Akalipentala akuti akapanda kumva kanthu mwezi uno atenga ntchito ina mpaka chaka chamawa. A Mawaya aimba kawiri. Bambo ako amangoti, "Mwini wake ayankha." Akatseka shopu amapita kukasesa chipinda chobiriwiracho, chipinda choti simulowa ngakhale fumbi. Pano ayamba kusoka diresi la Kambalame, msinkhu akuyerekeza pa mwana wa aneba.

Ine ndinakubala, sindifuna munthu wa pensulo kukhutu kuti andimasulire mwana wanga. Ndinamva tsiku lomwe lija, ndipo kalata yako yaifupi ija ndinali nditainunkhiza kale. Umati ukaswa kapu uli mwana, unkabwera ndi ulemu wambiri ndi mawu ochepa. Sunasinthe.

Ngati sukubwera, nena. Sindikufunsa chifukwa, zifukwa uli nazo, ndiwe wamkulu. Koma unene ndi pakamwa pako, usatume mawaya. Ine ndilira tsiku limodzi n'kukasamba kumaso. Bambo akowa salira, amangoyeza zinthu. Ndatopa kuwaona akuyeza.

Bondo lili bwino, usadzifunsitse za bondo.

Mayi ako.


6 Okutobala

Bambo anga, ndi inu amayi,

Kalatayi ndaiyamba kambirimbiri. Amayi anena zoona, ndiye ndingonena. Disembala sitibwera. Chaka chamawanso sitibwera kudzakhala. A Mawaya sanalakwitse kuwerenga, ndipo sindinalembe ndili ndi tulo.

Bambo, ndikufuna mudziwe chinthu chimodzi. Pamene ndinkalemba za thonje mu Meyi, sindinkakunamizani. Ndinali nditayamba kale kugawa ziwiya zanga kwa anzanga. Mu Julayi abwana anandiitana, akuti andilembera mapepala oti ine ndi mwana tikhale kuno mokhazikika, koma ndiyenera kugwira zaka zina zisanu osachoka nthawi yaitali. Sabata yomweyo Kambalame anabanika kusukulu. Ambulansi inafika ine ndisanafike, pofika ndinamupeza atakhala tsonga akudya bisiketi. Ndinakhala pambali pa bedi lija n'kumawerenga mtunda wochoka kunyumba yathu yatsopano kukafika kuchipatala, nthawi ya mvula, msewu uja. Thonje silingamupatse mpweya, bambo.

Komabe sindinasaine. Ndinamufunsa kaye mwini wake. Ndinati, "Disembala tikupita kwathu." Anandiyang'ana ngati ndasokonezeka mutu, n'kuti, "Koma amayi, kwathu tili kale." Za nkhuku zija iye ankayesa tikukacheza masabata awiri. Ndinasaina pa 2 Ogasiti.

Kenako zithunzi za chipinda chija ndinkangoziyang'ana. Thonje kawiri, ndi ndalama ya mayunifolomu. Ndikanayamba bwanji? Ndinaganiza kuti ndiyambe ndateteza nyumba, mawu ndidzawapeza pambuyo. Sindinadziwe kuti bamboyo amafunsa zogona.

Tsono ndikupempheni. Samukiranimo inuyo. Nyumbayo ndi yanu, ndinamanga ndi manja amene munandipatsa. Mukalowa, timaso ta kuzipinda sitifunikanso, siling'i ya Kambalame isabooledwe, amayi azigona momwemo mozizira bwinomo. Mukakana, ndiye aboole, chifukwa nyumba yopanda munthu akuba sachedwa kuidziwa, ndipo zenera la chipinda chimenecho ndi limene lili kuseri.

Tidzabwera kudzacheza ndikaloledwa tchuthi chotalikirapo. Tsiku sindinena, ndaphunzira.

Kuimba foni ndikuopa. Ndikamva mawu anu sinditha kulankhula. Mundikhululukire.

Mwana wanu wachisamba.


14 Okutobala

Mwana wanga,

Kalata yako ya pa 6 ndinailandira pa 7. Ndaiwerenga. Palibe chokhululukira. Mwana apume bwino, ndicho chachikulu, ndipo ukanasankha zina ndikanakukalipira ndine.

Zosamuka takambirana ndi amayi ako. Sitisamuka. Makasitomala anga ali kuno, amayi ako anzawo ali kuno, ndipo bondo lija silingathe mtunda wa kumsika kuchokera uko. Komanso ife pogona sitinasowepo, mwana wanga. Nkhalamba ziwiri m'zipinda zinayi tizikangoitanana ngati tasochera.

A Mawaya ndawauza abwere pa 4 Novembala, akalipentala nawo ndawachonderera abwere tsiku lomwelo. Mipukutu iwiri makoswe aononga, ndataya. Yotsala ikwana tikayala mosamala.

Diresi ndamupatsa mwana wa aneba. Lamukwana.

Bambo ako.


11 Novembala

Mwana wanga wachisamba,

Ndikhulupirira kuti mtima wakhala pansi tsopano. Pepani kuti tinakudzidzimutsa Lachisanu. Ndikulemba kuti udziwe mmene ntchito yathera.

Anayamba Lolemba pa 4. Mawaya analowa masiku awiri, thonje ndi mabolodi masiku awiri. Chipinda cha Kambalame anachisiya komalizira, ndikuganiza kuti a Mawaya anachita dala. Atafika pamenepo anati, "Achikulire, mwina mukapume panja, muli fumbi." Ndinati ayi, ndigwira makwerero. Akalipentala anadula bolodi ya pakona, thonje lija linatuluka lili lachikasu bwino ngati taliika dzulo. Analikankhira pambali, waya anadutsa, anatsekanso. Amata bwino, koma mzere ukuoneka ukaudziwa pomwe uli. Makatani ndinachotsa kuti asade, ndawachapa, ndawapachikanso. A Mawaya akuti azikhala otseka ndipo mazenera asamasiyidwe otsegula, mphepo ikagwedeza nsalu kadiso kamayesa munthu.

Lachisanu pa 8 ndilo linali tsiku loyesa. Anatchera alamu tonse tili panja, n'kundiuza kuti, "Lowani muyende ngati wakuba." Amayi ako anati, "Wakuba wovala tepi m'khosi munamuona kuti?" Ndinalowa. Pabalaza kadiso kanaphethira kofiira. Ndinapitirira mpaka kuchipinda cha kum'mawa, nako kanaphethira. Kenako chinalira. Mwana wanga, chimalira chinthu chimenechi. Agalu a dera lonse anayankha, amayi ako anagwira makutu n'kumatukwana a Mawaya ndi makolo awo omwe. Ine ndinangoima pakati pa chipinda. Njerwa iliyonse ya nyumba imeneyi inadutsa m'manja mwanga poiwerenga, koma tsiku loyamba kundiona yandiyesa mbala.

Chimene a Mawaya anaiwala kutiuza n'chakuti ikalira kuno imalizanso foni yako uko. Chisanathe n'kulira komwe, kafoni kanga kanayamba kunjenjemera m'thumba. Ndiwe. "Bambo! Bambo, muli kuti? Muli bwino? Nyumba ikulira!" Unali ukupuma ngati wathamanga, kumbuyo kwako wina akuitana kuti ubwere ndi supuni. Mawu ako ndinali nditawamva komaliza mu Epulo. Sanasinthe, koma ukumeza mawu ena ngati anthu a kumeneko.

Unalira, ine ndinakuuza za batire, kuti magetsi akazima imagwira maola asanu ndi atatu. Ndi zoona, imagwiradi. Koma si zimene ndinkafuna kunena. Utadula ndinakhala pakhonde, a Mawaya ananamizira kufunafuna sikuludiraiva m'galimoto mpaka nditadzuka.

Tsono dongosolo lili motere. Makiyi ali ndi ine. Lamlungu lililonse masana ndizipita kukatsegula mazenera kuti mupite mphepo, kusesa, n'kutsekanso. Ndafunsa mayi wa pasitolo, akuti nthawi imeneyo kwanuko kumakhala kutacha ndipo Lamlungu sugwira ntchito. A Mawaya andiphunzitsa manambala anayi aja. Akuti ndikatsegula chitseko ndili ndi masekondi makumi atatu kuti ndiwadinde, ndikachedwa ilira. Anandiyesa kangapo, ndinakhoza bwinobwino, mpaka anandiyamikira.

Koma zala zangazi zakalamba, mwana wanga, ndipo timabatani take n'tating'ono. Masabata ena ndikhoza kuchedwa. Ikalira Lamlungu masana usachite mantha, ndipo usavutitse a Mawaya. Ungoimba kuno. Ngati Kambalame ali pafupi, umupatseko foniyo.

Ndine bambo ako.